Kirediti si ngongole

Mlongo wanga wa ku Golomoti anandiimbira foni usiku, mawu ali njenjenje. "Achimwene, akuti mwanayu kuti akalowe ku yunivesite pakufunika ngongole sikisi. Ine ndikazitenga kuti? Ya feteleza ija sindinamalize n'kubweza komwe." Mwana wakeyo ali Folomu 4, ndipo chiyambire kuona magalasi a sola atayalidwa kufupi ndi kwawo, mtima wake uli pa uinjiniya wa makompyuta. Pa msonkhano wina wa makolo, womasulira atafika pa mawu akuti "six credits" anangotola tanthauzo limene linali pafupi, nati ngongole.

Womasulirayo sindimuseka. Liwu la "credit" limeneli limavala nkhope zingapo pa ulendo wa wophunzira mmodzi yemweyo, ndipo ngakhale ife amene tinadutsamo timazisokoneza.

Nkhope yoyamba ndi ya mayeso a MSCE. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndiye kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Wofuna malo ku mayunivesite a boma kudzera ku bungwe la NCHE ayenera kukhala ndi maphunziro 6 amene sanatsike kupitirira giredi 6, Chingerezi chili momwemo, ndipo wofuna uinjiniya amayang'anidwa kwambiri pa masamu ndi fizikisi. Apa liwuli likunena za kakhozedwe. Anthu analilandira kalekale. Pamsika pa Mtakataka mukamva kuti "wapeza makirediti eyiti" palibe wofunsa kuti abweza liti. Ndiye lisiyeni likhale kirediti.

Nkhope yachiwiri mwanayo akakumana nayo akadzalowa pageti la yunivesite. Kumeneko phunziro lililonse lili ndi nambala pambali pake, ndipo digiri imaperekedwa nambalazo zikakwana. Nambala imeneyi ikunena kukula kwa ntchito imene phunzirolo limafuna. Ku South Africa, imodzi imaimira maola 10 a kuphunzira, kuwerengera za m'kalasi, za mu labu ndi zowerenga pawekha, ndipo chaka chimodzi chimakhala ndi 120. Ku Europe chaka chimakhala ndi 60, koma iliyonse ndi yolemererapo. Zili ngati ndowa ya chimanga: imakuuzani kuchuluka, koma ngati chimangacho chili chofumbwa ndowayo ilibe nazo kanthu. Wokhoza mwapamwamba ndi wongopulumukira mkamwa mwa mbuzi amatenga nambala yofanana. Tikatchulanso chimenechi kuti kirediti, mwana wochokera ku MSCE aganiza kuti phunziro la nambala yaikulu ndi limene wakhoza bwino. Ine ndimati "muyeso wa phunziro", ndipo kholo lililonse limene linagulapo mchere pamsika limamva.

Nkhope yachitatu ndiye ngongole yeniyeni, ya fizi ndi chakudya, imene ophunzira ambiri amatenga ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za maphunziro apamwamba. Choncho mlongo wanga sanalakwitse kwenikweni. Anangofulumira kuda nkhawa. Yachinayi, ya mufoni, anthu anathana nayo okha popanda komiti: amati mayunitsi.

Liwu lina lovuta ndi "prerequisite". Digiri ya uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, imene mpaka 2021 inali Polytechnic pansi pa University of Malawi, imatenga zaka 5, ndipo maphunziro a digiri yotere kulikonse amabwera mondondozana. Umayamba ndi masamu ndi fizikisi. Kenaka uphunzira kayendedwe ka magetsi m'mawaya ndi m'tizipangizo. Ukatero ulowa m'magetsi a manambala awiri okha, 0 ndi 1, amene ndiwo chinenero cha kompyuta. Pokhapo ndi pamene ungamvetse kachipangizo kotchedwa microprocessor, ndi kulemba malamulo okalamulira. Kumapeto kuli atachimenti ku kampani ndi pulojekiti ya chaka chomaliza. Wolephera masamu a chaka choyamba saloledwa kutenga phunziro lodalira masamuwo, monga momwe galimoto yokwera Khwekhwerere kuchoka pa Golomoti singafike ku Masasa itadumpha khona limodzi.

Pano sindikuona chifukwa chobwerekera liwu la Chingerezi. Lilime la Mchewa silingapinde liwu lija, ndipo ganizo lake tili nalo kale. Wophunzira kusema pa Mua amayamba wadziwa mtengo ndi kunola chida asanakhudze nkhope ya chosema. Womanga amayamba ndi maziko. "Phunziro la maziko" n'lomveka, ndipo "phunziro ili maziko ake ndi masamu" ndi chiganizo chimene agogo angachimve. Chimodzimodzi "core" ndi "elective": lokakamiza ndi losankha, basi.

Koma pamene pali chinthu chogwirika chimene chinabwera ndi dzina lake, ine ndili mbali ya obwereka. Kompyuta ndi kompyuta, batire ndi batire, netiweki ndi netiweki. Ndinamvapo wina akuyesa kunena kuti "makina oganiza", koma makinawo saganiza, ndipo injiniya amalipidwa chifukwa chakuti iwo saganiza. Wina anati hardware ndi thupi, software ndi mzimu. N'zokoma paguwa, koma wokonza mafoni pa Golomoti akati "ikufunika kufulasha" amadziwa bwino lomwe kuti sakutulutsa mizimu. Ophunzira nawo ali ndi mawu awo: mayeso obwereza amati sapu, wochotsedwa sukulu chifukwa cholephera amati wawidedwa. Mawuwa analowa m'Chichewa, anatenga mphatikiram'mbuyo ndi mphatikiram'tsogolo, ndipo akugwira ntchito. Ngakhale ku Tanzania, kumene kuli bungwe losamalira Chiswahili kuyambira 1967, liwu lopeka lakuti tarakilishi likukhalira limodzi ndi kompyuta, ndipo pamsewu lachiwirili ndi limene limamveka.

Lamulo langa tsono n'lakuti: dzina la chinthu bwereka, koma lamulo lokhudza moyo wa munthu linene m'chinenero chake. Vuto n'lakuti palibe amene anapatsidwa ntchito yokhala pansi kusiyanitsa ziwirizi. Chichewa chinalengezedwa kukhala chinenero cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo m'malo mwake munabwera Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito yaikulu inagwiridwa pa kalembedwe ndi matanthauzo a mawu a tsiku ndi tsiku, koma mawu a labu ndi a ofesi ya kalembera wa yunivesite anatsalira. Kenaka lamulo la maphunziro la 2013 linati ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo ambiri anamva ngati nkhani ya mawu a sayansi m'Chichewa yatsekedwa.

Ine sindikupempha kuti masamu a uinjiniya aziphunzitsidwa m'Chichewa mawa. Mabuku ali m'Chingerezi, zinenero zolembera mapulogalamu zili ndi mawu a Chingerezi, ndipo injiniya wathu ayenera kumvana ndi anzake a ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Koma amene amagulitsa mbuzi kuti mwana apite ku Blantyre ndi kholo, ndipo kholo sililowa m'kalasi. Liyenera kudziwa chimene likulipirira, chifukwa chake digiriyi imatenga zaka 5 pamene ya mwana wa mnansi inatenga 4, ndi chifukwa chake kulephera phunziro limodzi kungawonjezere chaka chathunthu cha fizi.

Malo opangira magetsi a dzuwa pa Golomoti anayamba kugwira ntchito mu 2022. Amatulutsa mamegawati 20, ndipo ali ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Chimene chimauza mabatirewo nthawi yodzaza ndi nthawi yotulutsa ndi makompyuta, ndipo owakonza ndi anthu amene anaphunzira zimene mwana wa mlongo wanga akufuna. Ntchitoyo ili pakhomo pathu. Chosowa ndi mawu oifotokozera kwa eni mudzi.

Pempho langa kwa a NCHE, mayunivesite ndi akatswiri a zinenero a ku Zomba ndi laling'ono: tsamba limodzi la Chichewa pa digiri iliyonse, lonena makirediti ofunika polowa, muyeso wa maphunziro, maphunziro a maziko ndi zaka zake, ndipo lifike ku masukulu a sekondale ana asanalembe mayeso. Mlongo wanga ndinamufotokozera pafoni pomwepo, ndipo zinatitengera mphindi zosakwana 10.