Mbiri ya Magitala Amagetsi Akale a ku Japan

Magitala amagetsi amene anapangidwa ku Japan kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 lero ali m'gulu la zida zoimbira zomwe anthu amazisakasaka pamsika wa katundu wogwirako kale ntchito. Pamene ankatuluka m'fakitale, ambiri ankagulidwa ndi anthu amene ndalama zawaperewera kuti apeze Fender kapena Gibson ya ku America. Ulemu umene akulandira tsopano anawabweretsera ndi amisiri a m'mafakitale a ku Tokyo, Matsumoto, Nagoya ndi Hamamatsu, ngakhale kuti dzina lolembedwa pamutu pa gitala nthawi zambiri linali la wogulitsa, mmisiri osatchulidwa n'komwe. Wofuna kuwamvetsa magitalawa amayamba wadziwa kaye mafakitalewo.

Magitala amagetsi analowa m'Japan kudzera m'nyimbo za ku Hawaii, zomwe zinkakondedwa kumeneko m'ma 1930. Mu 1933, Mitsuo Matsuki anatsegula kampani ku Tokyo yopanga magitala oimbira nyimbo zimenezi, aja amagoneka pamiyendo woimba n'kumatsetsereza kachitsulo pansambo. Magitala a kampaniyi anadzadziwika ndi dzina lakuti Guyatone. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, asilikali a ku America anadzaza m'mizinda ya Japan, ndipo oimba a m'makalabu awo anafunika zida. Mu 1946 Atsuo Kaneko, woimba gitala ya Chihawaii, anagwirizana ndi katswiri wa zamagetsi Doryu Matsuda n'kuyambitsa kampani imene inadzatulutsa magitala a Teisco. Pofika kumapeto kwa m'ma 1950, magitala a Guyatone anali akugulitsidwa ku Britain atalembedwa kuti Antoria. Hank Marvin, yemwe anadzatchuka ndi gulu la The Shadows, ankaimba imodzi mwa iwo asanapeze Stratocaster ya Fender mu 1959.

Zinthu zinasinthiratu mu Januwale 1965 pamene The Ventures, gulu la ku America loimba zida zokhazokha, linakaimba m'mizinda ya Japan. Achinyamata anatengeka nazo, aliyense kufuna gitala yakeyake. Chaka chomwecho kunatuluka filimu ya Eleki no Wakadaisho, momwe munali Yuzo Kayama ndi katswiri wa gitala Takeshi Terauchi, ndipo mu 1966 The Beatles anakaimba mu holo ya Budokan ku Tokyo. Nako ku America ana a sukulu ankavutitsa makolo kuti awagulire magitala. Mafakitale amene analipo sanakwanitse, choncho makampani ena odziwa ntchito ya matabwa analowa nawo m'malondawa. Awiri ofunika kwambiri anali mumzinda wa Matsumoto, m'dera lamapiri la Nagano, komwe luso lopala mipando linakhazikika kalekale. Fujigen inayamba mu 1960 ndi magitala wamba, n'kulowa m'magitala amagetsi mu 1962. Matsumoku inkapanga matebulo ndi mabokosi a makina osokera a Singer, ndipo akalipentala ake omwewo ndiwo anayamba kusema makosi ndi matupi a magitala.

Ogula katunduyu mopikula kunja ankalembapo mayina awoawo. Ku America kunali Kent, Kingston, Norma ndi Teisco Del Rey, masitolo a Sears ankalemba Silvertone, pomwe a Woolworths ankalemba Audition. Gitala imodzimodzi inkatha kupezeka ndi mayina angapo, ndipo dzina limodzi linkatha kukhala pa magitala ochokera m'mafakitale osiyanasiyana.

Gitala ya nthawi imeneyi imadziwika msanga munthu akainyamula. Thupi lake ndi lopyapyala ndi lopepuka, kawirikawiri la matabwa omatikiza. Khosi ndi lonenepa lodzaza chikhatho. Pansi pa nsambo pamakhala ma pickup, tizipangizo ta maginito totola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampulifaya, ndipo pa magitala ena timafika tinayi, kalikonse ndi switchi yake, zonse zitandanda pa chitsulo chonyezimira chamizeremizere. Nsambo zimakhala patali ndi khosi moti zala zimapweteka, ndipo ukachuna sipatenga nthawi kuti mawu asokonekere. Ana ambiri anagwa nazo ulesi, magitala n'kukathera kunsi kwa bedi kapena kupinyolo. Kumapeto kwa m'ma 1960 malonda anazilala, makampani ang'onoang'ono ambiri anatseka, ndipo Teisco inagulidwa ndi kampani ya Kawai mu 1967. Mbiri yakuti gitala ya ku Japan ndi chidole inachokera m'zaka zimenezi ndipo inatenga nthawi kuti ifufutike.

Mafakitale amene anapulumuka anasintha njira, nayamba kukopera magitala otchuka a ku America. Nthawi inawakomera. Fender inali itagulitsidwa ku kampani ya CBS mu 1965, Gibson nayo inalowa m'manja mwa kampani imene inadzatchedwa Norlin mu 1969, ndipo oimba ankadandaula kuti magitala atsopano a makampani awiriwa akulemera, penti yakhuthala, ndipo kalumikizidwe sikolongosoka ngati kale. Chimene ankalakalaka ndi Stratocaster ndi Les Paul za m'ma 1950, zomwe eni ake sankazipanganso momwe zinalili.

Zokopera zoyamba zinkafanana ndi zenizeni pamaso pokha. Les Paul ya ku Japan ya kuchiyambi kwa m'ma 1970 inali ndi khosi lomanga ndi masikuluwu m'malo momata ndi guluu, ndipo pansi pa thabwa la pamwamba pankakhala mphako. Koma chaka ndi chaka amisiri ankakonza. Anayamba kupeza magitala enieni akale, kuwamasula, kuyeza chilichonse, ndi kusankha mitengo yoyenera monga mahogany, maple ndi alder. Fujigen inkapangira kampani ya Kanda Shokai magitala a Greco, komanso inkapangira Hoshino Gakki ya ku Nagoya magitala a Ibanez, dzina lochokera kwa Salvador Ibáñez, mmisiri wa magitala wa ku Valencia amene katundu wake kampaniyi inkaitanitsa kale. Matsumoku inkapanga Aria, Univox, Electra ndi Westone, ndipo kuyambira 1970 inkapanganso Epiphone, dzina la Gibson yeniyeniyo.

Mu Juni 1977, Norlin inasumira Elger, kampani yogulitsa Ibanez ku America, kukhoti la ku Philadelphia. Nkhani inali kamangidwe ka mutu wa gitala, kamene Gibson inkati ndi chizindikiro chake. Mlanduwo unathera kunja kwa khoti, ndiponso Ibanez inali itasintha kale mutuwo chaka chapitacho. M'zaka zimenezi makampani a ku Japan anayenda njira ziwiri. Kumsika wakunja anatumiza magitala a kamangidwe kawokawo: Yamaha inatulutsa SG2000 mu 1976, yomwe Carlos Santana anaimba, pomwe Ibanez inali ndi Artist, Iceman imene Paul Stanley wa Kiss anatchukitsa, ndi GB10 yopangira George Benson. Kumsika wa kwawo anapitiriza kukopera, ndipo kumeneko ndi kumene luso linafika pachimake. Tokai ya ku Hamamatsu, yomwe inayamba mu 1947 ndi kupanga mahamonika, inatulutsa Springy Sound ndi Les Paul Reborn, yomwe inadzatchedwa Love Rock. Greco inali ndi Super Real, Fernandes inali ndi Burny. Magitala a zaka za 1978 mpaka 1982 ndiwo osaka amawalemekeza koposa.

Fender inaona kuti kulimbana nawo sikuthandiza. Mu Malichi 1982 inagwirizana ndi Kanda Shokai ndi Yamano Gakki kukhazikitsa Fender Japan, ntchito yopanga n'kuipereka ku Fujigen. Magitala oyamba, amene nambala yake imayamba ndi zilembo JV, ndiponso a nthawi yomweyo a Squier, dzina lina la Fender, anali ntchito ya manja omwe aja ankapanga Greco. CBS itagulitsa Fender mu 1985 kwa gulu lotsogoleredwa ndi Bill Schultz, fakitale ya ku Fullerton sinali nawo m'malondawo, ndipo kwa kanthawi magitala ambiri a Fender ankachokera ku Japan. Gibson nayo inalola kuti magitala ake azipangidwa kumeneko ndi dzina lakuti Orville kuyambira 1988 mpaka 1998.

Chinathetsa nyengoyi ndi ndalama. Mpaka 1971 dola imodzi inkasinthidwa ndi mayeni 360, zomwe zinkachititsa katundu wa ku Japan kutchipa kunja. Pambuyo pa pangano la Plaza la mu 1985, yeni inakwera mphamvu pafupifupi kawiri m'zaka zochepa. Ntchito ya magitala otchipa inasamukira ku Korea, m'mafakitale a Samick ndi Cort, kenako ku China ndi Indonesia. Matsumoku inatseka mu 1987.

Oyamba kuona phindu la magitala a m'ma 1960 anali oimba amene ankawatola m'mashopu a pinyolo. Hound Dog Taylor wa ku Chicago anajambula nyimbo zake za blues ndi gitala yotchipa ya ku Japan, ndipo mawu ake okhakhala anali mbali ya kukoma kwa nyimbozo. David Lindley ndi Ry Cooder anakonda ma pickup a Teisco okhala ndi kapepala kagolide, amene amatulutsa mawu owala ndi otakasuka. Lero alipo amisiri opanga ma pickup atsopano potengera amenewa. Kurt Cobain ankaimba Univox Hi-Flier ya ku Matsumoku masiku oyamba a Nirvana. Intaneti itabwera, makatalogi akale anayamba kupezeka kwa aliyense, ndipo misika ya eBay, Yahoo Auctions ya ku Japan ndi Reverb inatsegulira anthu akunja magitala amene kale ankagulitsidwa m'Japan mokha. Ku Tokyo, dera la Ochanomizu lili ndi mashopu a zida zoimbira ondondozana, pomwe masitolo a Hard Off ali ndi mbali ya katundu wowonongeka komwe magitala amaikidwa ngati pa kaunjika, wogula n'kudzisankhira yekha popanda chitsimikizo choti alira. Malondawa anavutako kuyambira 2017, pamene malamulo a pangano la mayiko la CITES anafuna zilolezo potumiza kunja zinthu za mtengo wa rosewood, mpaka kumapeto kwa 2019 pamene zida zoimbira zinachotsedwa m'chiletsocho.

Wodziwa kusaka amayamba ndi kutembenuza gitala. Kumbuyo kwa mutu kapena pa kachitsulo komangira khosi pamakhala nambala ya fakitale. Pa Greco ndi Ibanez za ku Fujigen kuyambira 1975, chilembo choyamba chimaimira mwezi, A kukhala Januwale mpaka L Disembala, ndipo manambala awiri otsatira ndi chaka. Yoyamba ndi D78 ndi ya Epulo 1978. Nambala ya mtundu wa gitala imaulula mtengo wake woyamba: Tokai LS-80 inkagulidwa mayeni 80,000 ndipo Greco EG-500 mayeni 50,000, choncho nambala ikakwera, matabwa ndi zipangizo zimakhalanso zabwinopo. Kenako amayang'ana khosi kuchokera kumutu, diso limodzi chitsinzinire, kuti aone ngati lapindika. Amayesa ngati chitsulo cha m'kati mwa khosi chikutembenuka, amapapasa tizitsulo topingasa kuti amve ngati tadyeka, ndipo amafufuza ming'alu pamene mutu ukumana ndi khosi. Mawaya othothoka ndi maswitchi olira phokoso amakonzeka mosavuta, koma khosi lopotoka limadya ndalama zoposa mtengo wa gitala.

Chinyengo nacho chilipo. Ena amafufuta dzina la Tokai n'kulembapo Fender kapena Gibson, ena amagulitsa Burny kapena Greco yopangidwa ku Korea ngati ya ku Japan, ndipo ambiri amati gitala yawo ndi ya nthawi ya mlandu uja pofuna kukweza mtengo, chikhalirecho mlanduwo unakhudza kampani imodzi yokha. Ukalamba pawokha suchititsa gitala kukhala yabwino, poti m'zaka zomwezo munatuluka zapamwamba ndi zachabechabe zomwe.

Fujigen ikupangabe magitala apamwamba a Ibanez komanso ake a FGN, ndipo Tokai ikadali ku Hamamatsu. Mgwirizano wa Fender Japan unatha mu 2015, Fender n'kuyamba kuyendetsa yokha malonda ake m'dzikomo. Mitengo ya JV, Super Real ndi Love Rock zoyambirira yakwera kwambiri, koma magitala a ku Matsumoku a mayina osatchuka, monga Westone ndi Vantage, akupezekabe pa mtengo woti woimba wamba angathe kufikira.