Fodya wa pachala, makalata a panyanja

Adzukulu anga, senderani pafupi ndikuuzeni za amalonda a ku Philadelphia m'masiku amene America inkalimbana ndi Britain kuti idzilamulire, nkhondo ija inabuka mu 1775.

Kunali bambo Robert Morris, wobadwira ku Liverpool, amene ankachita malonda limodzi ndi Thomas Willing. Zombo zawo zinkasenza migolo ya fodya wa ku Virginia ndi Maryland kupita naye ku Nantes, m'dziko la France, kapena kuzilumba za Martinique ndi St. Eustatius, pobwerako zitadzaza wonga, mfuti, nsalu ndi mchere. Koma paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chombo chikamatuluka mumtsinje wa Delaware, zombo zankhondo za Angerezi zinali zikudikirira kale kumathiriro, ndipo amalinyero, ana a eni ake, ankayenda mtima uli m'mwamba, akukukuta mabisiketi ouma gwa, odzaza anankafumbwe, ndiwo yake nyama yamchere, madzi akumwa onunkha mgolo. Morris anataya zombo zambirimbiri, ngakhale zina zake zokhala ndi mizinga zinkagwirako za adani. N'chifukwa chake chombo chimodzi ankasonkherana anthu angapo, aliyense kagawo kake, kuti chikagwidwa asalire maliro a chuma chonse.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi makalata. Kalata imodzi mlembi ankaikopera kawiri, katatu, iliyonse n'kukwera chombo chakechake, kuti mwina imodzi ikafike. Kuwoloka nyanja ya pakati pa America ndi France kunkatenga mwezi ndi theka kapena kuposa, moti munthu ankawerenga mtengo wa fodya umene unasintha kalekale, mwinanso moni wa mnzake amene anaikidwa kale m'manda. Adani akayandikira, thumba la makalata ankalimangirira chinthu cholemera n'kuliponya m'madzi.

Mu 1780 bambo Henry Laurens a ku South Carolina, akupita kukapempha ngongole kwa Adatchi, anachita zomwezo pafupi ndi Newfoundland, koma thumba lawo silinamire. Angerezi analivuula, napezamo mapepala okonzekera pangano la America ndi Adatchi. Bambowo anakatsekeredwa mu Tower of London, mu Disembala Britain inalengeza nkhondo ndi Adatchi, ndipo mu Febuluwale 1781 Admiral Rodney wa Angerezi analanda St. Eustatius, chilumba cha Adatchi, pamodzi ndi zombo zapadoko ndi katundu wa amalonda amene anali m'nyumba zosungiramo.