Area 18: anthu adachuluka, mapaipi adakalamba

Mu 2025 mzinda wa Lilongwe udakwanitsa zaka 50 uli likulu la dziko. Pokumbukira zakazi, dzina la Area 18 limabwera ndi nkhani imodzi, ya madzi akumwa amene adasakanikirana ndi zonyansa mu 2017, ndipo ambiri amati idali ngozi ya tsiku limodzi. Ine sindivomereza. Tsoka lija lidayamba kale, ndipo mizu yake ili m'mbiri ya deralo.

Likulu lisadabwere, malo ano adali midzi ndi minda. Lilongwe idali boma laling'ono lotchuka ndi malonda a fodya, ndipo kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 19,000 okha. Mu 1968 boma lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda watsopano, ndi thandizo la ngongole yochokera ku South Africa. Eni midzi adasamutsidwa.

Pulani ya mzindawu idagawa malo m'madera a manambala, ndipo idagawanso anthu molingana ndi thumba lawo. Ku Area 10 ndi Area 43 kudapita mabwana, m'mapuloti aakulu a mitengo. Ku Area 25 munthu ankapatsidwa puloti n'kudzimangira yekha. Area 18, yomwe ili m'mbali mwa msewu wa M1 kufupi ndi Capital Hill, idagwera pakati: nyumba zazing'ono za njerwa zondandalikana m'mizere, zokhala ndi mpopi ndi chimbudzi chamadzi, za ogwira ntchito m'boma amene ambiri adachoka ku Zomba likulu litasamuka mu 1975. Khalidwe la deralo lidachokera pamenepo. Anthu a zigawo zonse zitatu adakhala moyandikana khomo ndi khomo, ana awo n'kukulira limodzi. Ichi ndi chinthu chokongola chimene mzindawu sudachiyamikire mokwanira.

Bungwe lomanga likulu lidatha mu 1984, koma mzinda sudasiye kukula. Anthu a mumzindawu adali pafupifupi 99,000 mu 1977, ndipo kalembera wa 2018 adapeza 989,318. Nyumba yomwe idamangidwira banja limodzi idayamba kusunga adzukulu, achibale odzafuna ntchito ndi alendi. Kuseri kudaphuka timanyumba ta lendi, kumaso mipanda ya njerwa ndi timaokala. Sindiwadzudzula eni ake. Malipiro osakwana ndi amene adawakankhira kumeneko. Koma pansi pa nthaka mapaipi adali omwe aja, a madzi akumwa ndi a zonyansa, kuyenda moyandikana, kunyamula katundu woposa amene adawakonzera.

Mu Julaye 2017, anthu a ku Area 18A adatsegula mipopi n'kuona madzi akuda, onunkha chimbudzi. Zonyansa zochokera mu paipi yophulika ya suweji zidalowa mu paipi ya madzi akumwa. Mmene izi zimachitikira si zachilendo kwa amisiri. Madzi akamathamanga ndi mphamvu, paipi yobooka imangotaya madzi kunja. Madzi akasiya, mphamvu ija imatha, ndipo paipi imayamwa chilichonse chimene chadikha pabowopo. Akabweranso, amakankhira zonsezo m'makhitchini mwa anthu. Ndiye kuti padafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: suweji yotayikira, paipi ya madzi yobooka, ndi madzi osiyasiya. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimabadwa usiku umodzi.

Mabanja ena adamwa madziwo, kuphikira ndi kusambitsira ana asadadziwe. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi zimene anthuwa adachita pambuyo pake. Sadangodandaulira m'minibasi. Adasonkhana, adachita zionetsero, adakasuma kubwalo lalikulu la milandu, ndipo patapita zaka bwalo lidagamula mowakomera. Umodzi wa anthu okhala m'mizere ija udaoneka poyera. Chidaonekanso china: madzi, suweji ndi nyumba zikakhala m'manja osiyanasiyana, paipi yodontha imasowa mwini, aliyense n'kumaloza mnzake.

Mu 2020 pamphambano ya Area 18 padatsegulidwa misewu yodutsana m'mwamba, yoyamba ya mtundu wake m'Malawi, ndipo idachepetsa mzere wa magalimoto wopita ku Kanengo ndi ku Bingu National Stadium. Ndi chitukuko chenicheni. Koma ndalama za m'mizinda yathu zimathamangira zooneka ndi maso, pamene mapaipi a zaka za m'ma 1970, ku Area 18 ndi madera ena omangidwa nthawi yomweyo, amafunanso bajeti yawo ya chaka ndi chaka, amisiri owayendera, ndi mapu osonyeza pomwe adadutsa munthu asadakumbe maziko a nyumba ina.