Alangizi a ku Domasi ndi nyanja yomwe imaphwa

Masiku ano ukatsegula Facebook kapena LinkedIn suchedwa kukumana ndi munthu wodzitcha life coach. Amalonjeza kukuphunzitsa kudziwa mtima wako, kuugwira bwana akakukalipira, komanso kukwezedwa pantchito. Ambiri mwa ife amene tatsala pang'ono kumaliza maphunziro timawamvetsera mwachidwi, poti tikudziwa kuti digiri payokha siikupezetsanso ntchito. Ine monga wophunzira mbiri ndili ndi funso lina: kodi aka n'koyamba kuti anthu abwere kuno ku Zomba kudzatiphunzitsa kukhala anthu abwinoko? Ayi, si koyamba, ndipo zomwe zidachitika kale zingatithandize kusankha bwino alangizi a lero.

Mawu oti emotional intelligence adayamba kumveka kwambiri mu 1990, pomwe akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Peter Salovey ndi John Mayer, adalemba za luso lozindikira ndi kuwongolera zomwe zili mumtima mwako ndi mwa anzako. Mu 1995 Daniel Goleman adatulutsa buku lomwe lidafalitsa ganizoli padziko lonse, ndipo chaka chomwecho Thomas Leonard adayambitsa bungwe la International Coach Federation. Dzinali ndi latsopano, koma ntchitoyo ndi yakale.

Kumidzi ya kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanje komwe Anyanja, Ayao ndi Alomwe akhala moyandikana kwa mibadwo, ntchito yophunzitsa mtima inali ndi eni ake. Anankungwi amalangiza atsikana, kujando anyamata amaphunzira ulemu ndi kupirira, ndipo banja lililonse limakhala ndi ankhoswe. Sikuti zonse zomwe amaphunzitsa zinali zabwino. Zina zidapondereza atsikana, ndipo n'koyenera kuti lero zikutsutsidwa. Koma taonani khalidwe la nkhoswe. Iye salangiza n'kumapita. Banja likagwedezeka usiku, amadzutsidwa ndi iye. Mlandu ukafika kwa amfumu, amakayankha ndi iye. Malangizo ake akalakwika, manyazi ake amagwera iye yemwe.

Ulangizi wa anthu apantchito monga timaudziwa lero, wokhala ndi kalasi ndi satifiketi, udafika kudzera ku Domasi, m'mbali mwa mtsinje womwe umakathira m'Chilwa. Nkhani yake idayambira kutali. Mu 1907 mayi wina wolemera wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, adapereka madola miliyoni imodzi kuti athandize sukulu za kumidzi za anthu akuda kummwera kwa America. Ndalamazo zidalipira aphunzitsi oyendayenda, omwe amayendera anzawo m'sukulu zing'onozing'ono n'kumawalangiza za kaphunzitsidwe, ukhondo ndi ntchito zamanja. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones ndipo muli James Aggrey wa ku Gold Coast, lidayendera Nyasaland ndi maiko oyandikana nawo, n'kulimbikitsa maphunziro a mtundu womwewo. Boma la atsamunda lidakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes idatsegulidwa ku Domasi ndi thandizo la Carnegie Corporation.

Ophunzira ake sanali ana. Anali aphunzitsi okhwima otumizidwa ndi mamishoni, ndipo amabwera ndi akazi awo. Amakhala m'mudzi wachitsanzo momwe nyumba, dimba, chimbudzi ndi dzenje la zinyalala zinali mbali ya phunziro. Amuna amaphunzira kuyang'anira sukulu ndi kulankhula ndi anthu a m'mudzi, akazi amaphunzira kulera ana, kusoka ndi ukhondo. M'zaka za m'ma 1930 mafumu nawonso adayamba kuitanidwa kukachita maphunziro afupiafupi. Akamaliza, banja limabwerera kwawo kuti likakhale chitsanzo: anthu aone nyumba yawo, asirire, asinthe. Tikanena m'chinenero cha lero, awa anali ma coach a aphunzitsi anzawo, ndipo chida chawo chachikulu chinali khalidwe lawo.

Sindikufuna kunyoza anthu amenewa. Chitsime chotetezedwa ndi chimbudzi zimapulumutsa ana, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi yemwe anali yekhayekha amalimba mtima wina akamuyendera. Koma tiyeni tione dziko lomwe amabwereramo. Nyumba iliyonse imakhoma msonkho. M'minda ya azungu ya ku Zomba, Chiradzulu ndi Thyolo anthu anali pa thangata, kugwira ntchito kuti asathamangitsidwe pamalo. Mu 1935 komiti ya boma idayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ambiri ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Mlangizi amafika m'mudzi ndi phunziro la khama ndi ukhondo, n'kupeza kuti amuna omwe akanakumba chitsimecho ali kumigodi kusaka ndalama ya msonkho. Za msonkho ndi za malo sizinali m'maphunziro ake.

Kumbukiraninso kuti sukulu ya Jeanes idatsegulidwa dziko lino lisanakhale ndi sekondale ngakhale imodzi. Blantyre Secondary School idayamba mu 1940, Zomba Catholic mu 1942. Kwa zaka 11 boma linali lokonzeka kuphunzitsa munthu wakuda makhalidwe, koma osati kumupatsa maphunziro omwe akanamufikitsa pampando wolamula. Ku America W.E.B. Du Bois anali atatsutsa kale maganizo a Jones pa chifukwa chomwechi. Ndipo m'zaka za m'ma 1950, pamene ulangizi wa zaulimi udasanduka lamulo la malimidwe, lokhala ndi chindapusa kwa wosalima mizere, alangizi adayamba kuoneka ngati apolisi. Mkwiyo umenewu udathandiza kukoleza zipolowe za mu 1953 m'chigawo cha kummwera.

Apa ndi pomwe pali phunziro langa. Ulangizi womwe umauza munthu kuti vuto lonse lili mumtima mwake umakomera iye amene akupindula ndi momwe zinthu ziliri. Sukhala wabodza kwenikweni, koma umanena theka la choona.

Tsopano titsike ndi mtsinje wa Domasi mpaka kunyanja, chifukwa kumeneko kuli chitsanzo cha mtundu wina. Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zidachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idaumanso. Msodzi wa pa Kachulu, amene amagona m'zimbowera pakati pa njedza kusaka matemba, makumba ndi milamba, amadzuka tsiku lina ntchito yake itasanduka matope ong'aluka, anthu akupita ku Chisi wapansi. Ngati pali anthu odziwa kupirira pantchito, ndi amenewa.

Koma chomwe chimawapulumutsa si kulimba mtima kwa munthu payekha. Ena amasamukira ku Chiuta ndi ku Malombe kudzera mwa abale ndi anzawo, ena amalowa ulimi wa mpunga kapena ganyu. Chachikulu ndi chomwe chidachitika nyanja itaphwa mu 1995, chaka chomwe buku la Goleman lidatuluka. Nsomba zotsala zidathawira m'maiwe a m'mitsinje monga Likangala ndi Domasi. Munthu wanjala akanatha kuthiramo katupe n'kudya tsiku limodzi. Mafumu, asodzi ndi a nthambi ya zansomba adagwirizana zoteteza maiwewo kudzera m'makomiti a m'midzi, kuti madzi akabwerera mbewu ya nsomba ipezeke. Kudziletsa kotere ndi komwe mabuku amatcha emotional intelligence, koma kudatheka chifukwa aliyense amadziwa kuti mnzake nayenso akudziletsa, ndipo olangizawo anali anthu omwe akanagona ndi njala limodzi ndi olangizidwa.

Sindikunena kuti tisiye kupita kumasemina. Kudziwa kumvetsera, kupepesa ndi kugwira mtima n'kofunika mu ofesi iliyonse, ndipo ambiri tikutuluka m'kalasi tisanakuphunzire. Koma tisanalipire, tifunse mafunso awiri omwe mbiri ya kwathu yatisiyira. Loyamba: kodi mlangiziyu amatchula zinthu zomwe sizili m'manja mwathu, monga malipiro ochedwa, ntchito ya anthu atatu yosenzetsedwa mmodzi, kapena bwana wovutitsa atsikana? Ngati yankho lake pa zonsezi ndi loti tisinthe kaganizidwe, ndiye kuti akubwereza phunziro la 1929. Lachiwiri: kodi zinthu zikatilakwikira adzapezeka, monga amachitira nkhoswe, kapena ubale umatha risiti ikalembedwa?

Ku Domasi lero kuli Malawi Institute of Education, komwe amakonza zomwe ana a dziko lino amaphunzira, komanso koleji ya aphunzitsi. Ena mwa ife tikagwira ntchito kumeneko, ena m'mabungwe omwe amatumiza alangizi kwa Mwambo ndi ku Chisi. Posachedwapa olangiza tidzakhala ife, ndipo anthu a kunyanja adzakhala ndi ufulu wotifunsa mafunso awiri omwewa.