Mbiri ya mpikisano wa liwiro wa achinyamata a m'chigawo cha Region 5

Kuyambira pa 2 mpaka pa 11 Disembala 2022, mzinda wa Lilongwe udalandira achinyamata ochokera m'maiko a kummwera kwa Africa pa masewero otchedwa Region 5 Youth Games. Aka kadali koyamba kuti dziko la Malawi lichititse masewerowa. Mwa mipikisano yonse imene idachitika, wa liwiro, kudumpha ndi kuponya udachitikira pa bwalo la Bingu ku Area 48, ulendo wa minibasi chabe kuchokera ku Chipasula, Kawale, Biwi ndi Area 23. Kwa ana ambiri a m'madera amenewa, umenewu udali mwayi wosowa woona ndi maso othamanga a maiko ena akupikisana pa bwalo lenileni la liwiro.

Chiyambi chake

Gwero la mpikisanowu ndi bungwe la Supreme Council for Sport in Africa, limene lidakhazikitsidwa mu 1966 ku Bamako m'dziko la Mali. Bungweli lidagawa Africa m'zigawo, ndipo maiko a kummwera adali m'chigawo chachisanu ndi chimodzi, chotchedwa Zone VI. Ganizo loyambitsa masewero a achinyamata lidakambidwa ndi nduna za zamasewero pa msonkhano wa ku Cabinda m'dziko la Angola mu 1997. Mu Sepitembala 1999, pa msonkhano wina ku Johannesburg, adagwirizana kuti masewerowa azichitika pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo maiko azilandizana udindo wochititsa popanda wozemba.

Mfundo yolandizanayi ndiyo msana wa mbiri yonse ya mpikisanowu. Mipikisano ikuluikulu ya liwiro imapita ku mizinda imene ili kale ndi mabwalo ndi ndalama. Apa zidasiyana, pakuti dziko lililonse lidadziwiratu kuti nthawi yake idzafika, ndipo liyenera kumanga kapena kukonza mabwalo alendo asanafike.

Bungwe la Supreme Council litathetsedwa, ntchito zake zidapita m'manja mwa African Union Sports Council, ndipo Zone VI idasanduka Region 5. Likulu la chigawochi lili ku Gaborone. Maiko ake ndi khumi: Angola, Botswana, Eswatini, Lesotho, Malawi, Mozambique, Namibia, South Africa, Zambia ndi Zimbabwe.

Ulendo wa masewerowa

Masewero oyamba adachitika ku Mozambique mu 2004. Kenaka adapita ku Namibia mu 2006, ku South Africa mu 2008, ku Swaziland, kumene lero ndi Eswatini, mu 2010, ndi ku Lusaka m'dziko la Zambia mu 2012. Mu 2014 mzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe udachititsa masewerowa ali ndi dzina latsopano la Region 5. Luanda idatsatira mu 2016, ndipo Gaborone mu 2018.

Mliri wa Covid-19 udasokoneza ndondomeko. Masewero a ku Maseru m'dziko la Lesotho, amene adayenera kuchitika mu 2020, adachitika mu Disembala 2021. Chifukwa cha ichi, padangodutsa chaka chimodzi kuti a ku Lilongwe achitike. Malawi ndiye adali dziko lakhumi komanso lotsiriza pa ulendo woyamba wozungulira chigawo chonse. Masewero otsatira adachitikira ku Windhoek ndi Swakopmund m'dziko la Namibia mu Julayi 2025.

Mmene mpikisano wa liwiro umayendera

Kwa zaka zambiri masewerowa akhala a achinyamata osakwana zaka 20. M'malamulo a bungwe la World Athletics, msinkhu wa wothamanga umawerengedwa potengera zaka zimene adzakhale nazo pa 31 Disembala chaka cha mpikisanocho. N'chifukwa chake zikalata zosonyeza tsiku lobadwa zimafunika kwambiri posankha timu.

Bwalo lovomerezeka limakhala la mamita 400 kuzungulira kamodzi, ndipo kawirikawiri limagawidwa m'mizere isanu ndi itatu. Pali mitunda ifupiifupi ya mamita 100, 200 ndi 400, yapakatikati ya mamita 800 ndi 1,500, komanso italiitali monga ya mamita 3,000 ndi 5,000. Palinso liwiro lodumpha zotchinga, ndi liwiro la anthu anayi olandizana kamtengo. Pakati pa bwalo pamachitika mipikisano yodumpha patali, yodumpha m'mwamba, yoponya nthungo, chimbale ndi chitsulo cholemera. Achinyamata amene ali ndi vuto la kuona nawonso ali ndi mipikisano yawo, ndipo ena amathamanga ndi wowatsogolera atagwirana kachingwe.

Pali malamulo awiri amene amadabwitsa ana ochokera m'mabwalo a fumbi. Loyamba ndi lakuti wonyamuka mfuti isanalire amachotsedwa nthawi yomweyo, popanda mwayi wachiwiri. Lachiwiri ndi lakuti pa mamita 100, 200 ndi podumpha patali, mphepo yokankha wothamanga ikapitirira mamita awiri pa sekondi, chipambano chimakhalapo koma nthawi kapena mtundawo sulembedwa ngati mbiri yatsopano. Kuonjezera apo, pa mitunda ifupiifupi, nthawi imene imalemekezedwa kunja ndi yoyezedwa ndi makina, osati wotchi ya pamanja. Choncho bwalo lokhala ndi zipangizo zoyenera ndi khomo limene wothamanga ayenera kudzerapo kuti dziko lapansi limudziwe.

Chigawo cha akatswiri

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Malawi akaima pa mzere woyambira, amapikisana ndi ana a maiko amene atulutsa akatswiri a dziko lonse. Samuel Matete wa ku Zambia adapambana mamita 400 odumpha zotchinga pa mpikisano wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991. Maria Mutola wa ku Mozambique adatenga golide pa mamita 800 ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000. Nijel Amos wa ku Botswana adatenga siliva pa mamita 800 ku London mu 2012 ali ndi zaka 18 zokha, monganso Christine Mboma wa ku Namibia adachitira pa mamita 200 ku Tokyo mu 2021. Wayde van Niekerk wa ku South Africa adathamanga mamita 400 m'masekondi 43.03 ku Rio de Janeiro mu 2016, nthawi imene idaswa mbiri ya dziko lonse. Ku Paris mu 2024, Letsile Tebogo wa ku Botswana adapambana golide pa mamita 200, ndipo Muzala Samukonga wa ku Zambia adakhala wachitatu pa mamita 400.

Mndandandawu ukuonetsa kuti m'chigawo chino katswiri amaoneka adakali wamng'ono. Amene achita bwino pa mpikisano wa achinyamata sakhala kutali ndi mabwalo akuluakulu.

Malawi pa bwalo la liwiro

Dziko la Malawi lidayamba kutumiza othamanga ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, koma kufikira lero silinapateko mendulo ku masewero amenewo. Komabe luso lilipo. Catherine Chikwakwa adathamanga ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15, ndipo mu 2004 adatenga siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy. Asimenye Simwaka, amene adayamba kudziwika pa mpira wa miyendo, adaimira Malawi pa mamita 100 ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2022 adafika m'ndime yotsiriza ya mamita 400 pa masewero a Commonwealth ku Birmingham.

Bwalo la Bingu, limene lidamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ndi kutsegulidwa mu Januwale 2017, lidapatsa likulu la dziko lino malo amakono othamangirapo. Pokonzekera masewero a 2022, boma lidamanganso malo osambirapo ku Kamuzu Institute for Sports ku Area 17, moyandikana ndi Kawale, komanso nyumba ya masewero imene idatchedwa dzina la malemu Griffin Saenda, mphunzitsi wa timu ya dziko ya mpira wa manja.

Chimene chatsala

Mfundo ya 1999 idakwaniritsa mbali imodzi ya cholinga chake, chifukwa Lilongwe ili ndi mabwalo amene idalibe kale. Mbali ina ili m'manja mwa sukulu, bungwe la Malawi School Sports Association, bungwe loyendetsa masewero a liwiro m'dziko muno ndi Malawi National Council of Sports. Wothamanga wa zaka 18 amene adzavale mtundu wa dziko lino pa masewero akudzawa ali m'kalasi lero, ndipo amathamanga pa bwalo la mpira la pasukulu, nthawi zambiri wopanda nsapato. M'mera mpoyamba. Mwana wa ku Chipasula kapena ku Mgona amafunika mphunzitsi wodziwa malamulo, mipikisano ya chaka ndi chaka kuyambira pa zoni mpaka pa boma, ndiponso mwayi woti liwiro lake liyezedwe ndi makina pa bwalo la Bingu msinkhu wa zaka 20 usanamupitirire.