Social prescribing

Iyi ndi njira imene dokotala kapena namwino, poona kuti mapiritsi okha sakwanira, amatumiza wodwala ku gulu la anthu: kwaya, kalabu ya ulimi, gulu losema kapena loumba. Inakula ku England, komwe mu 2019 bungwe la NHS linakhazikitsa dongosolo lolemba antchito olumikiza odwala ndi magulu otere. Imathandiza makamaka osungulumwa, ovutika maganizo ndi odwala matenda a mgonagona.

Ndi pachibale ndi occupational therapy, koma si chimodzi. Katswiri wa occupational therapy, monga a pa chipatala cha Kachere ku Blantyre, amayeza wodwala sitiroko n'kumuphunzitsanso kugwira khasu, kumanga mabatani kapena kuvundula nsima. Wolumikiza sachiza, amangolozera njira.

Ku Dedza dzina la social prescribing silimveka, chonsecho ntchitoyo ilipo. Mlangizi wa zaumoyo, amene amaudziwa mudzi khomo ndi khomo, amalimbikitsa mayi woyamba kumwa ma ARV kulowa gulu la anzake, kapena agogo odzitsekera m'nyumba chisanu cha Juni chikavuta kubwerera ku gulu la amayi a mpingo. Chofooka chake n'chakuti zimadalira mtima wa mlangiziyo, komanso njinga yake m'zitunda za Bembeke.