Oyenera Kulandira Ndalama za Severance Ntchito Ikatha

Unduna wa Zantchito ukudziwitsa anthu onse, makamaka eni minda ikuluikulu, eni masitolo ndi onse olembedwa ntchito, kuti m'dziko muno mulibe thumba la boma lolipira munthu mwezi ndi mwezi chifukwa chosowa ntchito. Chimene lamulo limapereka ndi ndalama za severance, zomwe amalipira ndi wolemba ntchito, osati boma. Zimenezi zili m'gawo 35 la lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, monga momwe linakonzedwera mu 2010.

Woyenera kulandira ndalamazi ndi munthu amene wagwira ntchito kwa bwana mmodzi mosadukiza kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, ndipo ntchito yatha chifukwa chochepetsa antchito, mavuto a zachuma pamalopo, kusintha kwa kayendetsedwe ka ntchito, kapena chifukwa wachotsedwa mopanda chilungamo. Pakabuka mkangano, ndi udindo wa wolemba ntchito kuonetsa kuti chifukwa chochotsera munthu chinali chomveka. Amene wasiya yekha ntchito chifukwa khalidwe la bwana lafika posapiririka amawerengedwanso ngati wachotsedwa mopanda chilungamo.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: wosiya ntchito mwa kufuna kwake, wopuma chifukwa cha ukalamba, ndiponso amene mgwirizano wake wa nthawi yoikika wangofika kumapeto, salandira ndalamazi. Salandiranso amene akadali pa nthawi yoyesedwa, amene wachotsedwa moyenera chifukwa cha mlandu monga kuba, kapena amene wakana popanda chifukwa chomveka kulembedwanso pamalo omwewo pa mfundo zosachepera zakale. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende lamuloli siliwakhudza.

Ogwira ntchito zapanyengo, monga othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje kapena osankha fodya, asadziyese osawerengedwa. Ngati munthu wabwerera kwa bwana yemweyo nyengo zotsatizana, nthawi yonse imene wagwiradi ntchito imaphatikizidwa pamodzi.

Kawerengedwe kake kamatsata zaka zathunthu. Pa zaka 5 zoyambirira, chaka chilichonse chimapatsa malipiro a masabata awiri. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, masabata atatu. Kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo, masabata anayi. Motero mlonda wa sitolo amene wagwira zaka 7 ayenera kulandira malipiro a masabata 16, pamene kapitawo wa pa esiteti wa zaka 12 alandire a masabata 33. Ndalamazi n'zosiyana ndi penshoni, malipiro a notisi, kapena a masiku a tchuthi amene munthu sanapume, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.

Amene sanalipidwe akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu. Ofesiyo ikalephera kuthetsa nkhaniyo pa mwezi umodzi, dandaulo litha kupita ku bwalo la Industrial Relations Court. Popita ku ofesi, wodandaula atenge kalata yomulembera ntchito, mapepala a malipiro ndi kalata yomuchotsera. Ngati analembedwa pakamwa, monga zimakhalira kawirikawiri m'minda ndi m'nyumba, apite ndi mboni zodziwa nthawi imene anayamba ntchito.